Nkhokwe zazitali za tirigu za ku Canada: mkangano wa sikelo, mabogi ndi njanji

Mukaona chithunzi cha kumidzi ya ku Saskatchewan kapena Manitoba ku Canada, nthawi zambiri pamakhala chinyumba chachitali chamatabwa chitaima pambali pa njanji, mawindo ake ochepa, pamwamba pake kanyumba kena kakang'ono, ndipo pakhoma palembedwa dzina la tauniyo ndi zilembo zikuluzikulu zoti uziwerenga uli kutali. Eni ake amati grain elevator. Ndi nkhokwe ya tirigu, koma osati yoti banja lizisungiramo chakudya cha pakhomo ayi, ndi pamalo pamene tirigu wa alimi amayezedwa, kupatsidwa giledi, kugulidwa kenako nkukwezedwa m'sitima. M'zaka za m'ma 1930 zinalipo zoposa 5,700 m'zigawo zitatu za Manitoba, Saskatchewan ndi Alberta, dera lomwe limatchedwa Prairies, chidikha chachikulu chopanda phiri choti ungayende tsiku lonse pagalimoto ukungoona minda basi. Pano zamatabwazo zatsala zowerengeka.

Tiyeni titenge imodzi. Ku Fleming, katauni kakang'ono ka ku Saskatchewan pafupi ndi malire a Manitoba, kampani ya zigayo ya Lake of the Woods Milling Company inamanga nkhokwe yake mu 1895. Inaima pamenepo zaka 115, anthu nkumaitenga ngati nkhokwe yakale kuposa zonse yomwe inali ikadali pamalo pomwe inamangidwira, ndipo anthu a m'tauniyo anali atayamba kale kuikonza kuti ikhale malo oti alendo azidzaona. February 2010 inapsa usiku umodzi, yonse psiti. Kuti mumve chifukwa chake anthu anaidandaula chonchija nyumba yomwe inali itasiya kale ntchito, mpofunika tibwerere m'mbuyo kaye.

Dera lonseli poyamba linali la anthu a mitundu ya Cree, Assiniboine, Blackfoot, Saulteaux ndi a Métis (mbadwa zosakanizika za eni nthaka ndi azungu), ndipo moyo wawo unkadalira njati za kumeneko zomwe zinali mamiliyoni. M'ma 1870 boma la Canada linasainirana mapangano ndi yambiri mwa mitunduyi, njati zija zinatha ndi kusaka kosasamala, njala inawagwira, nkuwaunjika m'malo ang'onoang'ono osungidwa. Malo otsalawo boma linawadula m'mabokosi nkumagawira azungu obwera. Lamulo la 1872 linkati ukalipira madola 10 ukulandira maekala 160, bola ukhalepo ndi kulima kwa zaka zingapo. Anabwera ochokera ku Ontario, ku Britain, ku America, ku Ukraine, a Mennonite ochokera ku Russia, ena ku Iceland. Ndipo tisaiwale apa kuti eni nthaka ena omwe anayamba kulima tirigu nkumachita bwino, boma lomwelo linawaikira lamulo loti sangagulitse zokolola popanda kalata ya chilolezo yochokera kwa mkulu wa boma wowayang'anira. Ndiye mukamamva kuti nkhokwe izi zinali za alimi, dziwani kuti si alimi onse ankalowa pakhomo pake mofanana.

Tirigu ankabereka inde, nthaka inali yakuda bii yachonde, koma msika unali kutali kwambiri, ku Britain uko. Popanda njanji tirigu wako analibe ntchito. Njanji ya Canadian Pacific Railway, CPR mwachidule, inamalizidwa mu 1885, ndipo vuto lomwe a njanji anakumana nalo linali la matumba. Poyamba alimi ankabweretsa tirigu m'matumba kumashedi apansi, anthu nkumasenza thumba limodzilimodzi kulowetsa m'bogi, ntchito yotha tsiku lathunthu bogi limodzi, pomwe nyengo yokolola ndi yaifupi ndipo mabogi ndi ochepa. Nzeru yokweza tirigu m'mwamba ndi lamba wa tizikho inalipo kale, Joseph Dart anaiyamba padoko la Buffalo ku America m'ma 1840. Ku Prairies nkhokwe yoyamba inamangidwa ku Niverville, Manitoba, mu 1879 ndi William Hespeler, iyo inali yozungulira. Ya makona anayi yomwe inadzakhala chitsanzo cha zonse inamangidwa ku Gretna mu 1881 ndi kampani ya Ogilvie.

Ndiye a CPR anati chabwino, kampani iliyonse yomwe imange nkhokwe yolowa ma bushel osachepera 25,000, yokhala ndi makina okwezera ndi oyeretsera, tiipatsa malo pambali pa njanji, ndipo pasiteshoni imeneyo sitilolanso wina kukweza tirigu kudzera m'shedi kapena kuchokera pangolo. Bushel imodzi ya tirigu ndi pafupifupi makilogalamu 27, ndiye 25,000 ndi matani ngati 680, kapena tinene matumba a makilogalamu 50 okwana 13,600. Mwaona pamene nkhani yakhotera? Kuyambira tsiku limenelo mlimi alibe njira ina yofikitsira tirigu wake m'sitima koma kudzera pakhomo la kampani.

Masiteshoni ankaikidwa motalikirana makilomita 12 mpaka 16, chifukwa ndi mtunda umene mlimi akanatha kupita ndi ngolo ya mahatchi nkubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Kutanthauza kuti matauni ambiri a kumeneko sanayambe chifukwa cha mtsinje kapena mfumu ina inakhazikapo mudzi, anayamba chifukwa injiniya wa njanji anaika kadontho pamapu. Kampani ina ya njanji, ya Grand Trunk Pacific, inafika potchula masiteshoni motsatira alifabeti, mpaka lero ukamayenda ku Saskatchewan umadutsa Fenwood, Goodeve, Hubbard, Ituna, Jasmin, Kelliher, Leross motsatana chonchi. Nkhokwe ikaima, kenako sitolo, hotela, tchalitchi, sukulu, wosula zitsulo, tauni yabadwa.

Kamangidwe kake nkosangalatsa. Tirigu akadzaza m'chipinda chachitali amakankha makoma mwamphamvu moti khoma wamba lamatabwa oimika likhoza kuphulika. Ndiye amisiri ankagoneka matabwa chafulati, lina pamwamba pa linzake, nkumakhomera ndi misomali italiitali, m'munsi matabwa otambalala, akamakwera nkumachepetsa chifukwa kumwamba kulibe katundu wambiri. Khoma lonse ndi matabwa okhaokha osanjikizana kuchokera pansi mpaka mamita oposa 20, tangoganizani mitengo ndi misomali yomwe inkalowa pamenepo, m'dera loti mitengo yake kulibe, zonse zinkabwera pasitima. Nkhokwe yatsopano akaidzaza koyamba inkatsika pang'ono matabwa akamapanikizana, ndiye ankaidzaza mosamala mbali zonse mofanana kuti isapendekeke.

Mlimi akafika ankalowa ndi ngolo yake m'kakhonde ka m'mbali, pansi pake pali sikelo. Ayeza ngolo yodzaza, atsegula kumbuyo, tirigu akhuthukira m'dzenje kudzera pa zitsulo za pansi, ayezanso ngolo yopanda kanthu, kusiyana kwake ndiye kulemera kwa tirigu. M'dzenjemo ndi momwe mumayambira chinthu chomwe amati leg, lamba wautali wozungulira wokhala ndi tizikho tachitsulo, amatunga tirigu pansi nkukamukhuthula pamwamba penipeni m'kanyumba kaja. Pamwambapo pali paipi yotembenuka, woyang'anira nkhokwe amaizunguza ali pansi ndi chiwilo nkuilozetsa kuchipinda chomwe akufuna, poti mkatimo muli zipinda zambiri zoimirira, china cha giledi iyi china cha giledi iyo, china cha barley kapena oats. Pofuna kukweza m'sitima amatsegula kunsi kwa chipinda, tirigu atsika yekha, ayezedwanso, akwezedwanso ndi lamba uja, kenako atsetsereka ndi paipi ina kukagwera m'bogi panja. Makina enieni ndi lamba mmodziyo basi, ntchito yotsalayo tirigu amaigwira yekha potsika. Poyamba lambayo ankazunguzidwa ndi mahatchi, kenako nthunzi, kenako injini ya petulo, magetsi anabwera mochedwa. Injiniyo inkaikidwa m'kanyumba kapadera pamodzi ndi ofesi, patali pang'ono, chifukwa fumbi la tirigu likachuluka m'mwamba limayaka ngati onga, kamoto pang'ono chabe nyumba yonse yapita. Zambiri zinapsa choncho, zina ndi mphenzi poti m'chidikha chonsecho chinthu chachitali chinali chimenecho.

Woyang'anira uja, amene amati agent, ntchito yake inali yowawa. Fumbi m'mapapo tsiku ndi tsiku, kukwera pamwamba pa kathabwa kokoka ndi chingwe pamanja, kukhoma matabwa pazitseko za mabogi kuti tirigu asatayike panjira, kulowa m'bogi ndi fosholo kusalaza, zonsezi m'chisanu choti chimafika madigiri 30 kunsi kwa ziro. Koma analinso munthu wamphamvu m'tauni. Iyeyo ndi amene amatapa tirigu wako m'manja nkunena kuti uyu ndi giledi yapamwamba ya No. 1 Northern kapena ayi ndi No. 3, iyeyo ndi amene amanena kuti zinyalala ndi njere za udzu zilimo zochuluka bwanji nkuchotsera pa kulemera kwake, zomwe amati dockage, ndipo sikelo amawerenga ndi iyeyo. Amene munagulitsako soya kapena mtedza kwa mavenda a sikelo yopachika pamtengo mukudziwa mmene mtima umachitira munthu wina akamawerenga yekha nambala, kusiyana kwake nkoti mlimi wa ku Prairies wayenda theka la tsiku m'chisanu ndipo nkhokwe zinayi kapena zisanu zomwe zandandalika pasiteshonipo zonse zikutchula mtengo umodzi. Alimi ankakhulupirira kuti makampaniwo amagwirizana mitengo kuchokera ku Winnipeg, komwe kunali msika waukulu wa Winnipeg Grain Exchange. Panalinso mitengo iwiri, wa munthu amene wadzaza bogi lonse yekha, ndi wina wotsikirapo wa amene wangobwera ndi ngolo imodzi. Wosauka ndiye ankalandira wotsikawo.

Madandaulo atachuluka boma linakhazikitsa lamulo la Manitoba Grain Act mu 1900, lomwe linabwezera alimi ufulu wokweza okha tirigu m'bogi. Koma 1901 kunali zokolola zambiri zedi, mabogi anachepa, a njanji nkumapereka mabogi kwa makampani a nkhokwe, alimi tirigu ali mbwee panja. December chaka chomwecho alimi anakumana ku Indian Head nkuyambitsa bungwe la Territorial Grain Growers' Association, mtsogoleri wake W. R. Motherwell. Lamulo linakonzedwa kuti pasiteshoni iliyonse pakhale buku, aliyense wofuna bogi alembetse, woyamba kulembetsa ndiye woyamba kulandira, kaya ndi kampani kaya ndi mlimi. A CPR anapitiriza zawo zomwezo ngati palibe chachitika. Mu 1902 bungwe lija linasumira wogwira ntchito wa CPR wa pasiteshoni ya Sintaluta, khoti linagamula mokomera alimi, chindapusa chake madola 50 okha. Ndalama yochepa kwa kampani ngati imeneyo, koma alimi anaona kuti eeh, kani njanji imagonja m'khoti.

Kuchokera pamenepo anaganiza zolowa okha mu bizinesi. E. A. Partridge wa ku Sintaluta komweko anatsogolera kuyambitsa Grain Growers' Grain Company mu 1906, a msika wa ku Winnipeg anaithamangitsa chifukwa inkafuna kugawa phindu kwa alimi malinga ndi tirigu amene abweretsa, inabwezeretsedwa chaka chotsatira boma la Manitoba litalowererapo. Kenako Saskatchewan Co-operative Elevator Company mu 1911, ina ya ku Alberta mu 1913, ndipo mu 1917 ya Partridge ija ndi ya ku Alberta zinaphatikizana nkukhala United Grain Growers. Mu 1912 kunabwera Canada Grain Act, boma nkuika akuluakulu oyendera masikelo ndi oti mlimi akakana giledi yomwe wapatsidwa atumize tirigu pang'ono akamuone iwowo. Nthawi yomweyi mbewu ya Marquis, yomwe anaikonza Charles Saunders, inafalikira, imacha msanga kuposa Red Fife yakale ndiye chisanu sichinkaipeza m'munda, minda inakula, njanji zing'onozing'ono zinalowa paliponse, nkhokwe nkumamera ngati palibe mawa.

Chachikulu chinali ma Pool, makopaletivi a alimi ogulitsira tirigu pamodzi. Alberta Wheat Pool mu 1923, Saskatchewan ndi Manitoba mu 1924. Mlimi ankasaina kuti kwa zaka zisanu tirigu wake yense apereka ku kopaletivi, alandira ndalama yoyamba pobweretsa, kopaletiviyo igulitsa pang'onopang'ono chaka chonse, zotsala agawana pamapeto aliyense mtengo wofanana pa giledi yake. Cholinga chinali choti wokolola mochedwa kapena wangongole amene akukakamizika kugulitsa nthawi yomwe mtengo wagwa asamadyeredwe. Mu 1926 Saskatchewan Wheat Pool inagula nkhokwe zonse za kampani ya 1911 ija, ndipo mawu oti POOL anayamba kuoneka pakhoma pafupifupi m'tauni iliyonse. Kukagulitsa ku Pool kapena ku kampani ya anthu wamba ngati Paterson, Searle kapena Pioneer inali nkhani ya ndale ndithu, mabanja ankadziwika nazo. Ndipo utoto unkakuuza uli kutali, kale zambiri zinali zofiira modera, kenako Pioneer inasankha olenji wowala, Alberta Pool mtundu wobiriwira mopita ku buluu.

Zinthu zinavuta mu 1929. Ma Pool anali atalipira kale dola imodzi pa bushel ngati ndalama yoyamba, mtengo wa padziko lonse nkugwa kutsika pansi pa dolayo, ngongole ya mamiliyoni kumabanki. Maboma a zigawo anawaimira, iwo nkumabweza kwa zaka zambiri. Anasiya zogulitsa pamodzi zija koma nkhokwe anakhala nazobe. Ntchito yogulitsayo inadzatengedwa ndi Canadian Wheat Board yomwe boma linakhazikitsa mu 1935, ndipo kuyambira 1943 tirigu wa ku Prairies sunkaloledwa kumugulitsa kwina koma kudzera kwa iwowo. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse tirigu anasowa kopita, nkhokwe zinadzaza, ndi pamene zambiri zinamangiridwa zipinda zina m'mbali, ndipo mlimi aliyense anapatsidwa kabuku kosonyeza mlingo umene akuloledwa kubweretsa.

Tsono chinazipha nchiyani? Anthu ena amangoti zinakalamba, ine ndimaona kuti ukalamba ndi mbali yaing'ono. Chifukwa chomwe nkhokwe zinakhalira pa makilomita 15 aliwonse chinali hatchi, ndiye lole itabwera ndi misewu yabwino chifukwacho chinatha. Mathirakitala ndi makina okololera anachititsa kuti banja limodzi lizilima malo omwe kale ankalima mabanja khumi, anthu nkumasamukira kumizinda ngati Regina, Saskatoon, Calgary. Koma nkhonya yeniyeni inachokera ku njanji komwe zonse zinayambira. Panali pangano la 1897, la Crow's Nest Pass, lomwe anthu amangoti Crow rate, CPR inalandira ndalama za boma zomangira njanji kudutsa m'mapiri, iyo nkulonjeza mtengo wotsika wonyamulira tirigu. Mtengowo unadzalowa m'lamulo nkukhala osasintha kwa zaka makumi angapo, malipiro a antchito akukwera, mafuta akukwera, wonyamulira tirigu uli pomwepo. Makampani a njanji anati tikuluza, anasiya kukonza tinjanji ta kumidzi, tina sitima inkayenda ngati ikuwopa kugwa, mpaka m'ma 1970 boma linachita kugula lokha mabogi atsopano achitsulo otsegula kunsi. Mabogi amenewa amanyamula matani pafupifupi 90 ndipo tinjanji tambiri takale sitikanatha kuwapirira. Mu 1983 boma linasintha dongosolo nkumalipira a njanji ndalama yothandizira, ndipo mu 1995 linathetseratu. Mlimi anayamba kulipira yekha mtengo wonse, a njanji anapatsidwa mpata wotseka njanji zosapindulitsa, komanso ankachotsera mtengo kampani yomwe ingadzaze mabogi 50 kapena 100 pamalo amodzi nthawi imodzi. Kankhokwe kamatabwa koti pambali pake pamangokwana mabogi ochepa kakanapikisana bwanji?

M'malo mwake munabwera zimphona za konkire, yoyambirira yodziwika ndi Weyburn Inland Terminal ya 1976, yomwe, chodabwitsa, anamanga ndi alimi okha. Zamakono zimamangidwa kunja kwa tauni, njanji yake yozungulira kuti sitima ya mabogi oposa 100 idzaze osadula injini. Nkhokwe zonse zogula tirigu kwa alimi zomwe zili ndi chilolezo pano sizifika 500, kuchoka pa 5,700 zija. Mlimi amayenda makilomita 50, wina 100, pa lole yaikulu, ndipo mtolo unachoka panjanji nkugwera pamisewu ya kumidzi yomwe amakonza ndi misonkho ya anthu omwewo.

Makopaletivi aja nawo anathera momwemo, ndipo mbali iyi ndi yomwe imandiwawa. Pofuna ndalama zomangira za konkire, Saskatchewan Wheat Pool inayamba kugulitsa masheya pamsika wa ku Toronto mu 1996, inalowa m'ngongole zoopsa, ulamuliro wa alimi nkumachepa. Ma Pool a Alberta ndi Manitoba anaphatikizana mu 1998 nkukhala Agricore, mu 2001 anaphatikizana ndi United Grain Growers, mu 2007 zonse zinamezedwa ndi Saskatchewan Wheat Pool nkukhala Viterra, ndipo mu 2012 Viterra inagulidwa ndi Glencore ya ku Switzerland. Chaka chomwecho Wheat Board inalandidwa mphamvu yake yogulitsa yokha. Alimi ena anasangalala, makamaka akuluakulu a kufupi ndi malire a America omwe ankafuna kudzigulitsira okha, ena mpaka lero amati agogo awo anavutikira pachabe. Mkangano umenewo sunathe.

Kugwetsa nkhokwe kunachuluka kwambiri kumapeto kwa ma 1990 ndi kumayambiriro kwa ma 2000. Kampani sinkafuna kulipira msonkho ndi inshulansi pa nyumba yosagwira ntchito, malowo ndi a njanji, ndiye katapila amabwera, kuboola mbali imodzi, kukankha, chinyumba chonse gwaa, kenako kuyatsa moto zotsalazo. Kwa katauni kakang'ono kunali kutaya wolipira msonkho wamkulu, komanso alimi akasiya kubwera ndi tirigu sabweranso kudzagula kusitolo kapena kudzamwa khofi, sukulu imatsatira. Ena ochenjera anayamba kugula matabwa akale aja, omwe tirigu anawasalaza ndi kuwajambula mizere kwa zaka zambiri, nkumapanga mipando ndi matebulo odula.

Ya ku Fleming inapulumuka katapila nkudzathera pamoto. Zomwe zinachita mwayi ndi za ku Inglis, Manitoba, komwe njanji inafika mu 1922 nkutsekedwa mu 1995. Nkhokwe zisanu zinali zikadaima mondandalika, anthu a m'mudzimo anakana kuti zigwe, mu 1996 boma la Canada linazilemba m'gulu la malo a mbiri ya dziko, ndipo anazikonza nkuzipentanso mayina a makampani akale, Paterson, Reliance, National ndi United Grain Growers. Ku Nanton, Alberta, nakonso anthu anasonkha ndalama nkupulumutsa zawo. Zina anagula alimi paokha nkumasungiramo mbewu zawo. Ndipo m'madera ena, monga kummwera chakumadzulo kwa Saskatchewan, alimi ndi makhonsolo anagula njanji yomwe inkafuna kutsekedwa nkumayendetsa okha, chifukwa ufulu uja woti mlimi aitanitse bogi lake nkudzaza yekha osadutsa pa sikelo ya kampani ukadalimo mu Canada Grain Act.